Sabata ya chivomezi cha ku Kamchatka

Ntchito yanga ndi yowerenga zimene makina oyezera zivomezi amajambula. Masiku ambiri imakhala yaphee: kuunika mizere yokhotakhota pakompyuta, kulemba nthawi imene kugwedezeka kwafika pa siteshoni iliyonse, kenako kupeza pamene nthaka yang'ambika ndi kuya kwake. Sabata yomaliza ya Julayi 2025 inayambanso motero. Lolemba tinkalongosola kaundula wa tizivomezi timene tinkatsatira chivomezi cha mphamvu ya 7.4 chimene chinachitika pa 20 Julayi kufupi ndi gombe la Kamchatka, kum'mawa kwa Russia. Palibe makina padziko pano amene akanatiuza kuti chimenechi chinali kalambulabwalo chabe.

Lachiwiri usiku, nthawi ili 23:24 pa wotchi ya UTC, nthawi ya dziko lonse imene timayendera, alamu inalira. Ku Kamchatka kunali kutacha kale, pa 30 Julayi. Nambala yoyamba ya mphamvu ya chivomezi chatsopanochi imene inatuluka inali 8.0. Mkulu wa shifiti yathu, mayi amene akhalitsa pantchitoyi, anasuzumira pakompyuta yanga n'kunena kuti, "Achimwene, imeneyo musaikhulupirire. Ikwera." Inakweradi, kufika 8.7, kenako 8.8.

Anthu ambiri akamva kuti nambala yasintha amaganiza kuti akatswiri akukayikakayika, koma nkhani yake ndi ina. Chivomezi chachikulu chonchi sichiphulika pamalo amodzi. Mng'alu umayambira pena n'kumathamanga makilomita mazanamazana, ndipo pamatenga mphindi zingapo kuti uime. Zimene zimafika pamakina poyamba zimangoonetsa chiyambi chake. Ku Japan pa 11 Malichi 2011 nambala yoyamba inali 7.9, chikhalirecho chivomezicho chinali cha 9.0, choncho chenjezo loyamba linatchula mafunde a tsunami aafupi kusiyana ndi amene anabwera. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala. Koma nambala ikakwera ndi 1, mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32. Kuchoka pa 8.0 kufika pa 8.8 ndiye kuti yachuluka pafupifupi ka 16.

Malowo sanatidabwitse. Kumeneko chigawo cha nthaka chimene chanyamula nyanja ya Pacific chimalowa pansi pa chinzake, masentimita pafupifupi 8 pachaka. Zigawozi zimagwirana kwa zaka zambiri, ndipo tsiku limene zataya, pansi pa nyanja pamatukuka mwadzidzidzi n'kukankha madzi onse apamwamba pake. Tsunami amayamba choncho. Dera lomwelo linagwedezeka ndi chivomezi cha 9.0 mu Novembala 1952, ndipo mafunde ake anaseseratu tawuni ya Severo-Kurilsk, pa zilumba za Kuril kumwera kwa Kamchatka.

Machenjezo a mayiko ozungulira Pacific anachokera ku likulu lochenjeza za tsunami la Pacific Tsunami Warning Center ku Hawaii, pomwe Japan inatulutsa ake. Ife mbali yathu inali kutsimikiza malo ndi mphamvu, n'kumatumiza zimene masiteshoni athu ajambula. Kenako maso onse anapita ku zipangizo za DART. Izi zimakhala pansi penipeni pa nyanja n'kumayeza kulemera kwa madzi amene ali pamwamba pake, uthenga n'kumadutsira pa choyandama kupita ku setilaiti. Pakati pa nyanja funde la tsunami limakhala lalifupi moti apasitima salizindikira, komatu limathamanga makilomita oposa 700 pa ola, liwiro la ndege. Limadzatukuka likafika posaya. Makina athu amangonena za kugwedezeka kwa nthaka. Ngati madzi asunthadi, amene amatsimikiza ndi DART. Usiku umenewo zinatsimikiza, ndipo m'chipinda monse munati zii. Anthu a ku Hawaii anali ndi maola pafupifupi 6. A ku zilumba za Kuril nthawi yawo inali yochepa kwambiri.

Lachitatu malipoti anayamba kufika. Ku Severo-Kurilsk madzi analowa padoko ndi m'fakitale ya nsomba, anthu atathawira kale kumtunda. Ku Hawaii ndi ku Japan mafunde sanafike mamita 2. Mtima wanga unakhala pansi.

Chimene chinandipweteka chinabwera Lachinayi. Pa intaneti ena ankadandaula kuti anawathamangitsa pachabe, anakhala maola ambiri pamzere wa magalimoto chifukwa cha timafunde. Kutopa kwawo ndikukumvetsa. Koma madzi a tsunami akangofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo funde loyamba nthawi zambiri silikhala lalikulu koposa. Mu 1960, chivomezi cha 9.5 cha ku Chile chitachitika, mafunde anayenda maola pafupifupi 15 n'kukapha anthu 61 ku Hilo, tawuni ya ku Hawaii, ngakhale masaireni analira. Pa 26 Disembala 2004 nyanja ya India inalibe dongosolo lochenjeza anthu, ndipo anthu oposa 220,000 anafa, ena ali kutali ngati ku Sri Lanka ndi Somalia kumene nthawi yothawa inalipo. Amene amatulutsa chenjezo amasankha pasanathe mphindi zochepa, ali ndi nambala imene akudziwa kuti ikhoza kukwera. Ine ndikanakhala pampando wawo ndikanachitanso chimodzimodzi.

Lachisanu linathera pafoni. Pafupifupi aliyense ankafunsa ngati zivomezi zikuchuluka, makamaka atamva kuti phiri la Klyuchevskoy la ku Kamchatka nalo likulavula moto. Ndinkayankha kuti pachaka dziko limakhala ndi zivomezi pafupifupi 15 za mphamvu ya 7 kufika 7.9, ndi chimodzi cha 8 kapena kuposa. Zaka zina zimapitirira, zina zimachepa. Zimene zachulukadi ndi masiteshoni oyezera komanso mafoni ojambulira.

Lamlungu pa 3 Ogasiti phiri la Krasheninnikov, la ku Kamchatka komweko, linaphulika litakhala chete zaka mazana angapo. Tsiku lomwelo ndinasiyira anzanga a shifiti ina mulu wa zivomezi zotsatira zimene zinali zisanaunikidwe. Ndinawalembera kuti ayambe ndi zazikuluzikulu za pansi pa nyanja, poti pambuyo pa 8.8 china choposa 7 chikhoza kubwera ngakhale patapita miyezi, ndipo chimenecho pachokha n'chokwanira kuutsanso madzi.