Tabwerako ku Canberra, zikomo nonse

Abale tafika ku Melbourne usiku wathawu, thupi lonse likuphwanya koma sindingagone ndisanathokoze.

Mukudziwa kale mmene apongozi anga avutikira chigwereni mu bafa muja. Ndiye atanena kuti akufuna akaone dzina la malume awo pa khoma la maina a asilikali ofera kunkhondo ku Australian War Memorial ku Canberra maso adakaona, ena pabanja pano anati nzosatheka, maola opitilira 7 pa msewu ndi munthu wa pa wilitcheya, mu July kukuzizira chonchi. Koma tapita ndithu, Mulungu ndi wabwino.

Malume awowo anafera kunkhondo ku Fromelles ku France pa 19 July 1916 ali mnyamata osakwatira. Usiku umodzi okhawo asilikali a Australia 5,533 anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa, ndipo mtembo wa malumewo sunaoneke. Atafukula mitembo 250 ya asilikali ku Pheasant Wood, pafupi ndi Fromelles, mu 2009 apongozi anapereka DNA, akhala akudikira mpaka lero, kuli zii. Ndiye kwa iwowo manda ndi khoma lija basi.

Achemwali anga a ku Canberra, dzina sinditchula mukudzidziwa nokha, inu mayi inu ndikuthokozeni bwanji? Munachokera ku naiti osagona nkomwe, kutisiyira chipinda chanu inu nkukagona pa sofa, mmawa phala lili pamoto kale poti munaona kuti apongozi sakudya bwino. Zikomonso amene munasonkha ya petulo ndi amayi a mpingo amene munatipempherera tisananyamuke.

Koma achemwali. Titafika pa khoma lija maina ali thoo, opanda udindo wa munthu, wamkulu ndi wamng'ono mzere umodzi, dzina tinalipeza lili pamwamba apongozi sangafikire. Ine ndi bambo a kunyumba tinangoima kusowa chochita, inu munangonyamula mwana wanga wa zaka 5 nkumuika paphewa kuti alowetse ka duwa kofiira kokumbukira asilikali mumpata wa pambali pa dzinalo. Apongozi analira ngati maliro achitika dzulo, akuti mayi awo anamwalira akusungabe chithunzi cha mlongo wawoyo mu Baibulo.

Madzulo pa mwambo wa Last Post wokumbukira ofera kunkhondo tinaika nkhata ya maluwa pafupi ndi dziwe la pamalopo, lipenga litalira anthu onse anangoti chete, mphepo ikulowa mpaka mmafupa, inu munavula chitenje chanu nkuwafunditsa apongozi miyendo. Dzanja lomwe anagwira nthawi yonseyo linali lanu, osati langa, osatinso la mwana wawo. Ambuye akukumbukireni pa tsiku lanu lovuta.

Inu amene munalonjeza kuti tikakumana konko kenako nkungotumiza ka mtima pa WhatsApp, taona, ndipo apongozi anafunsa za inu kawiri.

Achemwali chitenje chija tabwera nacho, apongozi akukana kuchibweza, akuti mudzachitenge nokha mukadzabwera kudzawaona.