Babu la energy saver likapsa, kudzala si kwake

Kuno ku Dedza chilichonse chotha ntchito chimathera kudzala, ndipo dzala likadzaza timaliyatsa moto kapena kufukula manyowa ake n'kupita nawo kudimba la kachewere. Pa makoko a mbatata ndi phulusa palibe vuto. Koma babu la energy saver, lija lopindikapindika, pamodzi ndi machubu aatali a m'masitolo, m'makalasi ndi m'matchalitchi, muli mercury, chitsulo chapoizoni chooneka ngati madzi, ndipo mercury saola.

Magetsi akadutsa mu nthunzi ya mercury mumatuluka kuwala kosaoneka ndi maso, ndiye ufa woyera uja womatidwa mkati mwa galasi ndi umene umakusandutsa kuwala kumene timaonera. M'babu limodzi muli mamiligalamu pafupifupi 4, kadontho kongokwana pansonga ya bolopeni. Machubu akale ali ndi wochulukirapo. Mukakayikira, yang'anani zilembo Hg pa babupo kapena pa katoni yake. Mababu a LED ndi aja akale a kawaya mkati alibe mercury.

Babu likakhala lamphumphu, ngakhale litapsa, mercury amakhala wotsekeredwa. Nkhani yonse ndi yoti lisasweke. Ambiri amaliswera m'manja polichotsa chifukwa amagwira galasi n'kupotoza. Zimitsani switchi, dikirani lizizire, gwirani pulasitiki yoyera ya kutsinde. Ngati ndi la pini, kankhirani m'mwamba pang'ono kenako potozani.

Tsono likasweka, dzanja limathamangira tsache. Apa m'pomwe timalakwitsa kwambiri. Tsache limamwaza ufa uja chipinda chonse, wina n'kukakamira m'tsachemo, mawa mukasesera kukhitchini. Choyamba tulutsani ana, amayi oyembekezera ndi ziweto, asaponde pamene pagwera magalasi. Tsegulani mawindo ndi chitseko chotulukira panja, tsekani cholowera kuzipinda zina, nanu mutuluke kwa mphindi 10 kapena 15. Inde, ngakhale mu June chisanu cha kuno chikuluma zala. Nthunzi ya mercury ilibe fungo kapena mtundu, ndipo munthu akaipuma mapapo amayamwa pafupifupi 80 peresenti yake. Imakawononga ubongo, mitsempha ndi impso, makamaka za mwana. Babu limodzi si la kuchita nalo mantha, koma kugona m'chipinda chotseka momwe laswekera n'kudziputira dala.

Mukabwerera, tengani timakatoni tiwiri tolimba, kamodzi kokankhira, kena kowolera. Tizidutswa totsala ndi ufa muzitole ndi selotepi, mukudinda pansi mpaka tepiyo isatolenso kanthu. Malizani ndi pepala kapena kansanza konyowa. Zonsezi, tepi ndi kansanza komwe, ziikeni m'botolo lagalasi la chivundikiro chachitsulo, monga la jamu kapena mayonesi, mutseke zolimba. Jumbo ndi yongogwirizira mukasowa botolo, chifukwa nthunzi imadutsa m'pulasitiki pang'onopang'ono. Ngati pansi ndi pozira, palani dothi lapamwamba pamalopo muliikenso m'botolo. Mphasa ndi yovuta, poti ufa umalowa m'mipata ya bango: dindani ndi tepi, muinyamule mosakutumula, ikakhale panja pomwe ana sasewera. Sambani m'manja ndi sopo, mawindo akhalebe otsegula kwa maola angapo.

Moto ndiye woipitsitsa. Galasi likaphulika m'dzala loyaka, mercury amakwera ndi utsi, woyamba kuupuma n'kukhala amene akusonkhezera. Chimbudzi chokumba nachonso ayi, makamaka pamene chitsime chili pafupi. Wotsala m'nthaka mvula imamukokolola kupita kudambo, ndipo madzi ambiri a m'boma lino amatsikira mu Linthipe mpaka kunyanja ku Salima. M'matope tizilombo tosaoneka timamusandutsa methylmercury, amene amaunjikana m'nsomba. Ameneyu ndiye anadwalitsa anthu a ku Minamata ku Japan, kumene matendawo anadziwika mu 1956 fakitale itathira zinyalala zake m'nyanja. Pangano la mayiko loletsa kufala kwa mercury, la mu 2013, linatenga dzina la tauni imeneyo, ndipo mu 2023 mayiko a m'panganoli anagwirizana kuti pofika 2027 machubu asiye kupangidwa ndi kugulitsidwa kunja.

Kumene kuli makina ake, mababu amaphwanyidwira m'chipangizo chotsekeka, galasi ndi zitsulo za kumapeto n'kupatulidwa, ufa n'kuutenthetsa kuti mercury atuluke ndi kugwidwanso. Si ntchito yoyeserera ndi hamala kuseri kwa nyumba, ngakhale ogula zitsulo atafuna timawaya ta m'tsinde.

Chomwe mungachite ndi kusunga. Babu lopsa libwezereni m'katoni ya latsopano, kapena likulungeni m'nyuzi, muliike m'chidebe chovundikira cholembedwa kuti "mababu a mercury", pamalo ouma ndi okwera, kutali ndi chimanga. Machubu agonekeni m'makatoni awo. Oimikidwa pakona ndi amene amagwa. Masukulu ndi masitolo amene amasintha ambiri afunse kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya boma, kapena ku MEPA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, za komwe angawapereke. Pogula lolowa m'malo, tengani LED.