Sabata ya mphepo ku Dedza

Ntchito yanga ndi youlutsa droni (kandege kopanda munthu mkati) yojambula mapu a minda ndi nkhalango. Sabata yathayi anatituma ku Dedza, ine ndi mnzanga wosamala mabatire ndi kompyuta, kuti tikajambule malo obzalidwa mitengo m'mbali mwa phiri, kenako titsikire ku Golomoti.

Lolemba linapita lonse ndi nkhungu. Tinangomwa tiyi n'kumayang'ana kumwamba.

Lachiwiri kunacha bwino, koma mwera unali utadzuka. Mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa, ndipo malo athu anali kuseri kwa phiri. Pamene tinaima panali bata, ngakhale udzu sunkagwedera. A mfumu, amene anabwera ndi ana ambiri kudzaonerera, anafunsa kuti, "Bambo, mukudikiranso chiyani? Kuno kulibe mphepo." Ndinawayankha kuti, "A mfumu, ili pamwambapo, tiyeni muione." Droni itakwera mamita pafupifupi 100, manambala a pa sikirini anayamba kudumphadumpha. Inkatsika yokha, kukweranso, phiko lina n'kupendekera pansi, mota ikulira mosinthasintha. Ana anaombera m'manja, kuyesa ndikuchita dala.

Phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere. Mphepo ikaliomba imakwera, n'kugwera kuseri ikuzungulirazungulira, monga amachitira madzi a mumtsinje akadutsa pamwala. Phiko limanyamula ndege malinga ndi mmene mpweya ukulikhudzira. Mpweya wokwera umaikankhira m'mwamba, wotsika n'kuigwetsa. Ena amati ndege ikatsika mwadzidzidzi yagwera m'dzenje, koma mumlengalenga mulibe maenje ayi, ndi mpweya womwewo ukuyenda mosalongosoka. Kwa ife vuto lenileni ndi zithunzi: zimayenera kulowana m'mphepete kuti kompyuta izilumikize, ndiye kamera ikamapendekera zimatuluka zosaoneka bwino, batire nalo limatha msanga. Ndinaitsitsa, tinapakira.

Lachitatu tinatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere. Ku Golomoti mdani ndi wina, kutentha. Minda yososedwa, malo opsa ndi moto ndiponso miyala zimatentha msanga kuposa dambo kapena pamitengo. Mpweya wa pamalo otenthawo umakwera, wapambali pake n'kumatsika, ndipo droni ikamadutsa imalandira zonse ziwiri motsatizana. Ine ndimaonera akabawi. Akayamba kuzungulira m'mwamba osakupiza mapiko, ndimadziwa kuti nthawi yathu yatha. Masana ake kamvulumvulu anadutsa m'munda wina, kunyamula mapesi ndi jumbo yakuda mpaka kutalika kuposa malambe.

N'chifukwa chake timayamba dzuwa likungotuluka, pofika 10 koloko tapinda kale mapiko. Abwana ku ofesi zimenezi sazimvetsa. Lachinayi anaimba foni: "Achimwene, mwaweruka kale? Alawansi ndi ya tsiku lonsetu." Ndinangowatumizira pa WhatsApp chithunzi cha m'mawa ndi china cha masana, sanaimbenso. Kunena zoona, wokonza bajeti ya ntchito ngati iyi adzikayamba waima kaye pamunda masana.

Madzulo ake mnzanga uja anaulula kuti zimene waona zamuopsa kukwera ndege yaikulu. Ndege zonyamula anthu amazipanga kuti zipirire kugwedezeka koposa kumene okwera amakumana nako, ndipo ovulala kawirikawiri amakhala amene sanamange lamba. Pa 21 Meyi 2024 ndege ya Singapore Airlines yochokera ku London inagwedezeka koopsa anthu akulandira chakudya cham'mawa. Munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala, ndipo inakatera ku Bangkok. Rada ya ndege, chipangizo choonera nyengo kutsogolo, imaona madontho a madzi a m'mitambo, koma mpweya wovunduka pamene kulibe mtambo siuoneka. Lamba ndi wa ulendo wonse, osati pokwera ndi potera pokha.

Lachisanu tinabwerera kuphiri mbandakucha, zala zitauma ndi chisanu, mwera usanalimbe. Mbali yaikulu tinaimaliza. Chatsala ndi chigwa chimodzi chopapatiza chimene mphepo imathamangamo ngakhale m'mawa, ndipo mu lipoti ndalemba kuti kumeneko tidzapitenso mwera ukaleka. Mapu a Golomoti atuluka bwino, kupatula ngodya ina imene utsi wa osaka mbewa unaphimba.