Nkhwazi ya ku Thumbi yandichititsa manyazi

Abale, lero ndaona malodza. Pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, mwini boti waimba likhweru, waponya kansomba m'madzi, nkhwazi n'kunyamuka mumtengo muja, zikhadabo patsogolo, khwaa! yatola. Ine chala chili pa batani la kamera, mumtima ndikuti ulendo uno ndaiphula. Kuyang'ana pa sikirini, madzi okhaokha ndi chinthu choyera chambuu ngati nsalu yoyanika pa mphepo ya mwera.

Canon yanga yakaunjika ija ndisainamizire ayi. Dzulo ndimajambula asodzi pa Chembe dzuwa litalowa, shutter (nthawi imene kamera imatsekula diso) ndinaisiya pa 1/60 ya sekondi, m'mawa osakumbukanso kusintha. Mbalame youluka imafuna 1/1000 kapena yofulumira kuposa apo, ndipo amene amalalikira zimenezi kwa anzake tsiku ndi tsiku ndi ine ndemwe!

Chondiwawa n'chakuti mwana wa achemwali anga, wa Fomu 2, anangoimika ka Tecno kake n'kutenga vidiyo. Waiimitsa pomwe zikhadabo zikukhudza madzi, chithunzi chake icho, mpaka mchira woyera ukuoneka. Njira yonse ankangoti, "Amalume, ndikutumizireni pa WhatsApp?" Ndakana pa Monkey Bay, ndakananso pa Makawa. Tikufika pa Mangochi Boma ndamunong'oneza kuti atumize, koma amayi ake asamve.