Nkhani ya a Jefferies yandimasula pa za kunyoza khoti

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake nyuzipepala imalangidwa ngakhale munthu amene inamunyoza sanazengedwe mlandu n'komwe. Khoti limayang'ana tsiku limene nkhani inatuluka ndi ngozi imene inalipo tsikulo, osati mmene zinthu zinathera.

Mumzinda wa Bristol ku England, apolisi anamanga a Christopher Jefferies pa 30 December 2010 pa imfa ya Joanna Yeates, yemwe ankachita lendi m'nyumba yawo. Lamulo la ku England la Contempt of Court Act la 1981 limati mlandu wayamba munthu akangomangidwa, ndipo zoti mtolankhani analibe cholinga choipa sizimupulumutsa. Koma nyuzipepala zinakhalira kulemba za tsitsi la bambowa, kukhala kwawo okha, ndi zonena za anthu osatchulidwa mayina. Daily Mirror inafika powalumikiza ndi imfa ina ya mu 1974. Wakupha anali Vincent Tabak, woyandikana nyumba ndi malemuyo. Mu July 2011 Daily Mirror inalipitsidwa £50,000, The Sun £18,000, ndipo nyuzipepala 8 zinalipira a Jefferies chipukutamisozi.

Chimene chandigwira mtima ndi chifukwa chimene oweruza anapereka: munthu akadetsedwa chonchi, mboni zimene zikanamuikira kumbuyo zimachita mantha kubwera poyera. Ndiye kuti chitetezo chake chawonongeka mlandu usanalowe m'khoti.

Njira yanga tsopano ndi iyi, ndipo sindikuona ina yoiposa. Tengani nkhani, chiganizo chilichonse muchifunse mafunso awiri: wanena ndani, ndipo chikukhudzana bwanji ndi mlanduwo? Cholephera funso limodzi, chidutseni mzere. Pa nkhani ngati zija pamangotsala dzina, zaka, tsiku lomangidwa ndi mawu a apolisi. Zina zonse n'zokometsera, ndipo kusaka munthu, komwe ndi kumudetsa pagulu, kumabisala mmenemo, chifukwa chiganizo chilichonse pachokha chikhoza kukhala choona koma zikaunjikana zimagamula mlandu.

Chondinyansa n'chakuti aphunzitsi a utolankhani amathera masabata pa kalembedwe ka ndime yoyamba, za malamulo n'kuzithamangitsa mayeso atayandikira, ngati zongoloweza.

Pomwe ndidakali kakasi ndi apa: £18,000 ingaopseze nyuzipepala imene nthawiyo inkagulitsa makope mamiliyoni? Nanga pa Facebook, pomwe osaka ndi anthu masauzande opanda mkonzi, mzere uja adutse ndani?