Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku limene ndinadya ramen ku Hakata

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinafikira mumzinda wa Kitakyushu ku Japan kukachita maphunziro a kasamalidwe ka madzi a m'mipopi mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza mayiko ena pa chitukuko. M'masabata oyambirira ndinkadyera m'kantini ya pamalo amene tinkagona, ndipo zikanapitirira choncho pakanapanda womasulira wathu, bambo wa ku Japan yemwe paunyamata wake anakhalapo ku Malawi monga mmodzi wa anthu odzipereka amene dziko lawo lakhala likutumiza kwathu kuyambira mu 1971. Loweruka lina anandiuza m'Chichewa chake chodukaduka kuti, "Achimwene, lero tikadya kunja," ndipo tinakwera sitima ya pamtunda kupita ku Hakata, mumzinda wa Fukuoka, kukadya ramen, chakudya cha ma noodles (tizingwe ta ufa wa tirigu) a mumsuzi.

Lesitilanti yake inali yaing'ono kwambiri, ya kauntala imodzi yaitali ndi mipando yokwana anthu ochepa. Fungo la mafupa a nkhumba linatichingamira tikadali mumsewu, ndipo ndinene mosabisa kuti munthu wosalizolowera likhoza kumubweza. Pakhomo panali makina ogulitsa matikiti. Munthu amaponyamo ndalama, n'kudina batani la chakudya chimene akufuna, kenako n'kupereka katikitiko kwa wophika, moti palibe amene amagwira ndalama ndi manja amene akuphikira. Mtengo wa mbale yanga sunafike mayeni (ndalama za ku Japan) 1,000, ndipo kupatsa wantchito kandalama kothokoza si mwambo wa kumeneko.

Msuzi wa ku Hakata, umene amautcha tonkotsu, amaupanga powiritsa mafupa a nkhumba pamoto waukulu kwa maola ambiri mpaka mafuta ndi za m'kati mwa mafupa zitasungunuka, madziwo n'kusanduka oyera ndi okhuthala. Amene anaphikapo mang'ina usiku wonse akudziwa mmene msuzi wotere umamatira pamilomo. Mnzangayo anandiuza kuti kaphikidwe kameneka kanayambira ku Kurume, mzinda wa m'chigawo chomwecho, m'chaka cha 1937, ngakhale kuti chakudyacho chinachokera kwa anthu a ku China. Pamwamba pa msuzi panali tizidutswa topyapyala ta nyama ya nkhumba, anyezi wamasamba wodula bwino ndi bowa wakuda wokhukhutika, pomwe pakauntala anaikapo chitowe, adyo ndi jinja wofiira kuti aliyense adzithirire yekha.

Chimene chinandichititsa chidwi kwambiri ndi nkhani ya nthawi. Wophika anandifunsa kuti ndikufuna ma noodles olimba motani, ndipo mnzangayo anandiyankhira kuti barikata, olimba kwambiri, amene amangoviikidwa m'madzi otentha kwa masekondi owerengeka. Ma noodles a ku Hakata ndi opyapyala ndi owongoka, choncho akakhalitsa mumsuzi amalobodoka msanga. Pa chifukwa chimenechi amakupatsa ochepa, ndipo ukawamaliza msuzi ukadalipo umaitanitsa ena, amene amawatcha kaedama, wophika n'kudzawakhuthulira m'mbale yomweyo. Akuti mwambowu unayambira ku Nagahama, pafupi ndi msika wa nsomba, kumene anthu ogwira ntchito analibe nthawi yodikira chakudya. Ine ndinatsiriza msuzi wanga mofulumira chifukwa unandikomera, moti mwayi wa kaedama unandidutsa, pomwe mnyamata wa suti amene anakhala kumanzere kwanga anaitanitsa kawiri.

Mnyamatayo ankadya atawerama, akukoka ma noodles ndi mpweya mwaphokoso ndithu. Kwathu mwana akatero amadzudzulidwa nthawi yomweyo, koma kumeneko n'zololedwa, ndipo zili ndi ntchito yake, pakuti mpweyawo umaziziritsa chakudya chimene chimabwera chikadali chotentha kwambiri. Nkhani panalibe. Aliyense anali ndi timitengo todyera kudzanja lina, sipuni yakuya kudzanja linalo, maso m'mbale. Ndinaona kuti msuzi umene unatenga tsiku lathunthu pamoto unkatha pasanathe mphindi khumi ndi zisanu, ndipo wodya akangomaliza ankathokoza wophika n'kunyamuka, chifukwa panja panali mzere wa anthu odikira mpando wake. Kwa ine, amene ndinakulira pakhomo pamene chakudya chamadzulo chinali nthawi yomva nkhani za tsikulo, zimenezi zinandivuta pang'ono, ndipo mpaka lero ndimaona kuti chakudya chokoma chonchi chimayenera kudyedwa mwachifatse, ngakhale ndikudziwa kuti ma noodles amenewo sangalole.

Pagulu lathu panali anzathu awiri, Msilamu wa ku Tanzania ndi mayi wina wa mpingo wa Seventh Day, amene sakanatha kulowa nafe chifukwa nkhumba ili mumsuzi momwemo ndipo palibe njira yoichotsera. Iwo anakadya nsomba ndi mpunga pamalo ena, n'kutidikira m'mbali mwa mtsinje ku Nakasu, kumene madzulo amaimika timalesitilanti ta pangolo totchedwa yatai. Kumeneko anthu amakhala mothithikana n'kumacheza ndi alendo amene sakuwadziwa, ndipo zimene tinakambirana usiku umenewo ndi mkulu wina wopuma pantchito ndidzazifotokoza m'gawo lotsatira.