Mtsempha tikuuyeza ndi zala, nsapato kulibe

Kiliniki ya mapazi opindika sabata ino yayenda monga mwa nthawi zonse: kuchotsa zikhakha, kuwongola, kuvekanso, makanda ena kuwadula mtsempha wa kuchidendene. Pulasitala tikuchita kupemphana ngati mchere. Zimenezo tinazolowera.

Chandipweteka mtima ndi cha Lachitatu. Tinalowa mu fiyeta ndi mwana wa zaka 4 wochokera cha ku Mitundu, yemwe ali khanda tinamuwongola bwinobwino mwa njira ya Ponseti, yowongola phazi ndi zikhakha kenako n'kumuveka nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo. Tsopano amapondera m'mbali mwa phazi. Pomugoneka mu wodi ndinafunsa, "Mayi, nsapato zachitsulo zija anasiya liti?" Iwo anati, "Adokotala, zinamuthina. Ndinabwera kudzasintha, munati zatha." Khadi lake likuvomereza. Tonse tikudziwa kuti nsapatozo ndi maola 23 pa tsiku kwa miyezi 3, kenako usiku uliwonse mpaka zaka 4 kapena 5, ndipo mwana akasiyira panjira phazi limabwerera. Mayiwa anachita mbali yawo, analipira minibasi, ife tinawabweza chimanjamanja.

Ndiye kunali kusamutsa mtsempha wa tibialis anterior, mnofu wokweza phazi, kupita pa lateral cuneiform, kafupa ka pakati pa phazi. Adokotala aakulu anaboola fupa, kulowetsa mtsempha, ulusi kutulukira kunsi kwa phazi komwe timaumanga pa batani. Ine ndagwira phazilo, ndalikweza ndi kulipendeketsera kunja. Apa, pa kakokedwe ka mtsemphawo, ndiye pagona opaleshoni yonse. Mukalekerera, mtsempha sukoka kanthu ndipo mwana wavutika pachabe. Mukakoketsa, batani limadya khungu n'kusiya chilonda, phazi nalonso litha kupendekera mbali inayo. Kumayiko ena ofufuza amamangirira kachipangizo pa mtsempha, kudzutsa mnofu ndi magetsi pang'ono, n'kuwerenga mphamvu yake mu ma newton. Ife timadina ndi chala, kusiya phazi kuti tione pomwe laima, kenako kufunsana, "Mukuona bwanji, walimba?" Zala zimenezi sindichita nazo manyazi, zayendetsa ana ambiri mu Lilongwe muno.

Koma zala zimafuna maso. Tili pakati pomanga, magetsi thii. Jenereta sinalire, ati dizilo sanagule. Tourniquet, lamba woletsa magazi kuyenda, ili pantchafu, nthawi ikutha, wogonetsa akupopa mpweya ndi manja, namwino akutiunikira ndi tochi ya foni yake. Tinamanga batani momwemo, kuveka chikhakha, zala za mwana zinafiira bwino titamasula. Ngati tinakoka moyenera tidzadziwa akadzachotsa chikhakha pakatha masabata 6 n'kuyamba kuponda.

Kachipangizo koyezera kaja sindikukapempha ayi. Ndikupempha dizilo, ndi nsapato zomwe amisiri athu omwe angathe kusoka ndi chikopa ndi kachitsulo. Mtengo wake sungafike pa ndalama zomwe zapita pa mankhwala ogonetsa, ulusi ndi bedi la mwanayu.

Lachisanu ndinakafunsanso za nsapato ku sitolo ya chipatala. Masaizi aakulu kulibebe, ndipo Lolemba kukubwera ana ena omwe zawo zayamba kuthina.